Kalata kwa Achifukwa

Dzulo mnyamata wa njinga wandibweretsera envulopu
yochokera ku positi, yonyowa pangodya,
sitampa yake ya chiwombankhanga.
M'katimo chithunzi: iwe, wadazi tsopano,
dzanja lamanja m'mwamba, lamanzere pa Baibulo,
ukulumbira kachisanu ndi chiwiri m'nyumba ya malamulo ya kwanu.

Orrin Talbeck, alemba choncho pansi pake.
Ife kuno tinkakutcha Achifukwa.

Unabwera ndi nsapato zong'ambika
kudzaphunzitsa masamu ku sekondale,
koma Lachitatu lililonse unkathawa choko
n'kudzakhala pa benchi yakumbuyo m'khoti la Chipata,
momwe ine ndinkamasulira mawu a anthu
kuti majisitireti awamve.
Tikangotuluka, iwe: chifukwa chiyani?
Chifukwa chiyani mayi uja sanayang'ane woweruza kumaso?
Chifukwa chiyani wakuba ng'ombe alandira zaka zisanu
pomwe kalaliki wodya ndalama za feteleza wangolipira faindi?
Ndinkakuyankha tikukukuta chimanga chowotcha ku Kapata.
Mafunso ena ndinkangowameza pamodzi ndi njere.

Ukuukumbukira mlandu wa Tisauke Mshanga?
Mwamuna atamwalira, alamu ake anabwera ndi ngolo,
anatenga malata, makina osokera, ngakhale mtondo.
Mayiyo anayankhula mphindi makumi awiri osapuma,
ine ndinamasulira m'mizere inayi
poti woweruza ankayang'ana wotchi.
Madzulo ake unandikalipira mpaka pa mlatho wa Lunkhwakwa.
Unati womasulira akadula mawu wadula munthu.
Sindinakuyankhe. Unali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu
ndipo tikiti yobwerera inali m'sutikesi.

Kenaka makalata. Ndalowa sukulu ya zamalamulo.
Ndawina mlandu wa amayi a m'fakitale ya nsalu
amene fumbi la thonje linawadya mapapo.
Ndakwatira. Ndagwa pa chisankho ndi mavoti mazana atatu.
Ndapambana!
Makalata anayamba kufupika,
kenaka ankatayipidwa ndi munthu wina,
iwe n'kungosaina pansi ngati papalasa nkhuku.

Ine ndinapuma ntchito, ndinapeza maekala anayi ku Chiparamba,
ndinadzala thonje.
Chaka chomwe mtengo unagwa, wapasikelo anati
vuto si ife, madala, vuto lili kutsidya kwa nyanja,
boma lawo limawonjezera alimi awo ndalama,
thonje lawo lasefukira pamsika, lanuli lasanduka mankhusu.
Mdzukulu wanga Mwatitha anafufuza pa foni
mayina a onse amene anavomereza lamulolo.
Anandiwerengera pang'onopang'ono.
Atafika pa chilembo cha T ndinamuuza kuti akatunge madzi.

Sindikukuzenga mlandu.
Anakusankha ndi alimi a thonje, nawonso ali ndi ngongole,
nawonso ana awo amafuna nsapato.
Loya amayimira amene wamutuma,
ndaziona zimenezi zaka makumi atatu.
Koma usiku umenewo ndinakhala pakhonde,
mabelo asanu ndi limodzi ali m'chipinda chomwe unkagona ukatichezera,
ndikuyesa kukumasulira iweyo,
kukutembenuzira m'chinenero choti mkazi wanga amve,
ndipo kwa nthawi yoyamba mawu anandithera.

Kuseri kwa chithunzi walemba ndi dzanja lako,
Chinyanja chako chikutsimphinabe ngati kale:
"Bwenzi, ine kumbuka zonse. Muli bwanji ku munda?"

Kumunda tili bwino. Chaka chino tadzala soya.
Tisauke anamwalira mu Juni, m'nyumba ya malata
amene anagula yekha ndi ndalama za matimati.
Khoti silinamubwezere ngakhale msomali.
Phiri la Kanjala lilipo, nalonso layamba dazi.
Chithunzi chako ndachiika pamwamba pa wailesi,
pafupi ndi lisiti la thonje lija.

Yankho ndilemba mawa, lonse, losadula,
monga unkafunira pa mlatho paja.
Funso ndili nalo limodzi lokha,
ndipo ndi lako lomwe.